Chisefa Chofiira cha ku Joni

Mudzi wa Kaphesi,
Bembeke, Dedza.
9 Juni 1996

Okondedwa achimwene a Bonifasio,

Choyamba ndifunse za moyo wanu kumeneko ku Joni. Ife kuno tiliko, kungoti chisanu chaka chino chafika msanga ndipo amayi akudandaula mawondo. Alamu anu a Petulo akupereka moni. Tikudabwa kuti chichokereni Khirisimasi simunatilembere. Kodi mudakali pa ntchito ija yokonza magalimoto a azungu oyenda m'tchire?

Ndalemba chifukwa cha galimoto ya bambo. Chiikokereni ndi ng'ombe mu mtsinje wa Kanyungu chaka chatha, Landirova ija yangokhala pansi pa mtengo wa mapichesi. Amayi sankalola kuti munthu aitsuke. Matope a tsiku lija adakali pa mipando, ndipo chimene chimandiopsa n'chakuti ngakhale m'chilimwe, ukagwira pansi pa mpando wa bambo umapeza ponyowa. Nkhuku zimaikira paliponse pakhomo pano, koma m'menemo sizilowa.

Kachewere wathu wabereka kwambiri, ndipo akuolera m'nyumba chifukwa malole sakwera kuno. Mlatho uja anatilonjeza nthawi ya chisankho sitinauonebe, tinangoona anthu akuyeza ndi tepi. Mwezi watha mayi wina wa kumtunda anamwalira ali pa machira, akumunyamulira ku chipatala. Ndiye a Petulo anawapempha amayi kuti galimotoyo idzuke. Amayi analira masiku awiri, kenako analola. Tinaitana makaniko wa ku Linthipe. Anatsegula injini n'kupezamo madzi ndi dzimbiri, zitsulo ziwiri za m'kati zitapindika ngati nthochi. Akuti sizodabwitsa kwa galimoto imene inagona mu mtsinje. Zonsezo akukonza. Chimene sangachipeze ndi chimodzi: chisefa cha mpweya chofiira chija munabwera nacho pa Khirisimasi ya 1994, n'kumanga nokha kutsogolo, pansi pa bampala. Chang'ambika ndipo chadzaza mchenga.

Achimwene, titumizireni china chonga chomwecho. Bambo ankachikonda. Ankati chimangireni, galimoto ikukwera chitunda cha Kaphesi ngati yaiwala ukalamba, ndipo aliyense wokwera ankamutsitsa kaye kuti aone chimene mwana wawo wabwera nacho. Musatiuze kuti tikafunse ku galaja ya a Zakaria ku Dedza. Kumeneko sitipita. Ndiwo anagwira galimotoyi kutatsala masiku atatu kuti ngozi ichitike, ndipo kuno palibe amene waiwala.

Chinanso. Amayi akuti m'mawa akamasesa pabwalo amamva injini ikulira, kuja bambo ankailiza kuti itenthe. Ine sindinamvepo. Musawafunse, sadziwa kuti ndakuuzani.

Ndine mlongo wanu,
Jesinta.

Johannesburg,
14 Julayi 1996

Mlongo wanga Jesinta,

Kalata yako ndailandira. Ine ndili bwino, ntchito ndi yomwe ija. Uwapatse moni amayi ndi alamu. Ndatumiza mabulangete awiri ndi mankhwala opaka mawondo kudzera kwa a Imran, dalaivala wa lole yopita ku Lilongwe. Adzasiya pa sitolo ya pa mphambano ya Bembeke.

Za galimoto, maganizo anga ndi akuti muigulitse. Yakalamba, ndipo galimoto yomwa madzi sibwereranso mwakale. Mugule ngolo ndi ng'ombe ziwiri, kachewere adzafika ndithu pa msewu. Chisefa chija sichikupezekanso, anasiya kupanga.

Koma ndili ndi mafunso, undiyankhe bwinobwino. Ukudziwa kuti pa maliro sindinabwere chifukwa cha mapepala, ndipo kalata ya a katekisiti inangoti bambo atengedwa ndi madzi. Pamene galimoto imalowa mu mtsinje, madzi anali pati? M'mawondo kapena m'chiuno? Injini inazima bwanji, inayamba yatsokomola kapena inangozima kamodzi? Nanga eyakilina yakale yosefa mpweya ija ndinachotsa, yonga mphika, yothira oyilo, imene inkakhala pamwamba pambali pa injini, ili kuti?

Ukuti a Zakaria anthu sanawaiwale. Anawachita chiyani?

Kunonso kukuzizira. Sabata yatha bwana anandibweza kunyumba masana chifukwa ndinasiya tayala la kasitomala osamanga. Sizinandichitikirepo. Mwina ndi kutopa.

Mchimwene wako,
Bonifasio.

Kaphesi,
20 Ogasiti 1996

Achimwene,

Moni. Mabulangete afika, amayi athokoza. Tonse tili moyo.

A Imran ndinakumana nawo pa sitolo, ndipo ndinawafunsa za chisefa. Anaseka. Akuti zofiirazo zapachikidwa m'sitolo iliyonse ya zitsulo ku Joni, ngakhale pa ntchito panu pomwepo. Munandinamiziranji? A Petulo akuti mukufuna galimoto igulitsidwe chifukwa mukuiona ngati yanu, poti ndinu mwana wamwamuna, ndiye simukufuna mkamwini aiyendetse. Ine ndinawakanira, koma m'mimba mwanga ndilibe yankho lina.

Mwafunsa za tsiku lija. Chaka ndi theka simunafunse, koma ndikuuzani.

Linali Lachiwiri masana. Kuno mvula inali itakata, koma kumapiri kunali bii. Bambo ananyamula a Kristina, mpongozi wa a Misheck, matenda a pakati atawayamba, pamodzi ndi amayi awiri owaperekeza. Ine ndinakwera nawo mpaka pa mtsinje chifukwa ndimapita ku dimba. Madzi anali m'mawondo mwanga. Inu mukudziwa kuti bambo awoloka pamenepo zaka makumi awiri, nthawi zina madzi akulowa ndi m'zitseko momwe. Analowa pang'onopang'ono monga mwa masiku onse. Pakati penipeni tinamva ngati munthu wamenya chitsulo ndi hamala, kamodzi kokha, injini n'kuti zii. Sinatsokomole. Anayesa kuiliza, siinatembenuke n'komwe.

Anatsika. Anabereka a Kristina kumsana n'kukawasiya kutsidya. Anabwerera kudzatenga amayi aja, mmodzimmodzi. Kenako anabwereranso ndi chingwe kuti amange kutsogolo, tiitane anthu tikoke. Madzi ndinawamva ndisanawaone, phokoso lake ngati lole ikutsika chitunda. Ndinakuwa. Iwo anali atawerama, mutu uli pansi pa bampala, akufuna pomanga. Sindidziwa ngati anandimva. Tinawapeza Lachinayi m'mabango, kumunsi kwa madimba. A Kristina anachira bwino, mwana wamkazi.

Thupi lisanapezeke n'komwe anthu anali atayamba kale kunena kuti galimoto sizima yokha pa madzi a m'mawondo. Ena anati a Zakaria anaithira dizilo wosakaniza ndi palafini, ena anati anachotsamo zitsulo zabwino n'kuikamo zakutha. A Petulo ndi amuna ena anayi anapita ku Dedza. Zimene anakachita sindinafunse. Ndikungodziwa kuti a Zakaria sanakasume, ndipo anthu anati ndiye kuti akudzidziwa. Chiyambire pamenepo palibe wa ku Bembeke amene amaimika galimoto kapena njinga pakhomo pawo.

Chimphika chakale chija bambo anachisiya kwa a Zakaria omwewo, ndiye chiiwaleni.

Ngati simukufuna kutithandiza, nenani. A Petulo achitsuka chofiiracho ndi petulo, ndipo pong'ambika paja asoka ndi ulusi wosokera matumba. Akuti makaniko akamaliza injini achimanga pomwe chinali.

Jesinta.

Johannesburg,
22 Seputembala 1996

Jesinta mlongo wanga,

Moni kwa iwe, kwa amayi ndi kwa alamu. Ndinanamadi, pepa. Galimoto sindikuifuna, uwauze alamu kuti ndi yawo. Koma werenga izi mofatsa, ndipo uwawerengerenso iwo.

Injini imapuma. Mpweya wa pansi pa boneti ndi wotentha, ndipo injini ikamapuma wotentha imafooka pa chitunda. N'chifukwa chake anthu amafuna kuipatsa wozizira wa kunja. Njira zake ndi ziwiri. Yoyamba ndi chisefa chofiira chija. Chimakhala pansi kutsogolo, kumene mphepo imawomba. Chimapatsa mphamvu ndipo chimalira mokoma, anyamata a m'tauni amachikonda. Yachiwiri ndi paipi yakuda imene kuno amati sinoko. Imatulukira pa madigadi, n'kukwera m'mbali mwa galasi lakutsogolo mpaka kudenga. Siyokongola, ndipo mphamvu siwonjezera kwenikweni. Koma mpweya wa kumwambako ndi wozizira, fumbi ndi lochepa, ndipo madzi safikako.

Ndatha masabata awiri ndikusankha. Ya chitsulo ndaisiya, imathyoka polumikizira pa msewu wa miyala ngati wathu. Ya pulasitiki wopyapyala imauma ndi dzuwa n'kusweka. Ndagula ya pulasitiki wochindikala, yokwana pa injini ya bambo, pamodzi ndi sefa yake, mipira ndi zomangira. Kukamwa kwake kumatembenuzika, mvula ikamagwa muzikulozetsa kumbuyo. A Imran anyamuka nayo sabata ya mawa.

Chofiiracho musamange. Ndikupempha ndithu, musamange.

Womanga paipiyi akhale a Zakaria. Ndikudziwa kuti mukwiya. Koma pamafunika kuboola madigadi, ndipo polumikizira pakatsala kampata kolowa singano, paipi yonseyo ndi yachabe. Wa ku Linthipe sindimudziwa. Dzanja la a Zakaria ndimalidziwa, ndiwo anandiphunzitsa kugwira sipanala.

Dzulo kunabwera mzungu ndi galimoto yomangidwa chofiira. Ataponda mafuta chinalira kuja chimalirira, ngati munthu akukoka mpweya m'mano. M'galaja munali mouma, koma ine ndinamva fungo la matope a Kanyungu. Ndinakakhala panja mpaka atapita.

Undilembere msanga paipi ikafika.

Bonifasio.

Kaphesi,
18 Novembala 1996

Achimwene,

Moni wa masiku ambiri. Tili bwino, tabzala ndi mvula yoyamba. Ndachedwa kuyankha chifukwa katundu wanu anafika mochedwa. Lole ya a Imran inaonongeka m'njira, anafika kumapeto kwa Okutobala.

Paipi yanu taiona. A Petulo akuti sangayende ndi chumuni cha balani ya fodya pa galimoto, anthu angawaseke kuyambira kuno mpaka ku Linthipe. Amayi atamva zoti pafunika kuboola anakana. Akuti thupi la bambo linabwera lodukaduka ndi miyala, galimoto yawo asaidulenso. Koma chimene chatipweteka tonse ndi dzina la a Zakaria. Mungatitume bwanji kwa munthu ameneyo? A Petulo kalata yanu sanaimalize kumva. Nditangofika pa dzinalo anatuluka panja, ndipo tsiku lonse sanandilankhule. Paipiyo ili pansi pa bedi la amayi.

Galimoto ikuyenda. Chofiira chija anamanga, ndipo chikugwira. Tsiku loyamba kuiliza ndinali pa mtondo. Achimwene, kulira kwake ndi komwe kuja. Amayi anatuluka m'nyumba akuthamanga, atanyamula chipewa cha bambo, kuja ankachitira iwo akachiiwala. Anafika mpaka pa windo. Atawaona a Petulo pa chiwongolero anangokhala pansi pa dothi, chipewa chili m'manja.

Anthu akukwera, koma kutsogolo palibe amene amalola kukhala. A Kristina akaimva ikubwera amapatuka, amalowa m'munda ndi mwana wawo mpaka idutse. Komabe kachewere watsala uja tagulitsa, kabichinso akupita, ndipo sabata yatha inanyamula agogo ena odwala chibayo n'kukafika nawo ku chipatala ali moyo. A Petulo amawoloka Kanyungu Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse. Madzi adakali m'mapazi.

Ine ndawerenga makalata anu awiriwa kangapo. Mukulemba ngati munthu wolankhula chakudya chili m'kamwa. Ngati pali chimene mukudziwa, lavulani, timve.

Mlongo wanu,
Jesinta.

Johannesburg,
9 Disembala 1996

Jesinta,

Ndikukhulupirira kuti kalatayi ikupezani nonse muli moyo. Yako ndailandira lero, ndipo ndikuyankha pa boneti ya galimoto ya munthu, manja osasamba. Usanamalize kuwerenga, pita ukatenge makiyi kwa alamu. Asawolokenso.

Bambo anaphedwa ndi chisefa changa.

Chimphika chakale chija chinkakoka mpweya pamwamba, n'chifukwa chake ankawoloka madzi ofika m'zitseko. Ine ndinachichotsa, n'kutsitsira mphuno ya injini m'mawondo. Galimoto ikalowa m'madzi imakankha funde kutsogolo, fundelo linamiza chisefa. Injini ya dizilo ikameza madzi odzaza kapu imodzi yokha, yatha. Madzi safinyika ngati mpweya, ndiye zitsulo za m'kati zimapindika. Phokoso la hamala limene unamva ndi limenelo. Zitsulo zimene makaniko anapeza zitapindika sizinapindike chifukwa chogona mu mtsinje. Dizilo wosakaniza sazimitsa injini motero. A Zakaria sanalakwe chilichonse.

Usaganize kuti sindinkadziwa. Pa katoni yake panalembedwa kuti ndi cha pa msewu wa tala, chisalowe m'madzi. Katoniyo ndinaitaya pa boda. Ndinkafuna kufika kwathu ndi chinthu chonyezimira, kuti bambo aone kuti mwana wawo ku Joni sakungosesa. Khirisimasi ija kunali ng'amba, Kanyungu unali m'mapazi. Ndinati ndiwauza pochoka kuti mvula ikalimba abwezeretse chakale. Tsiku lochoka anandiperekeza okha ku siteji, galimoto yodzaza anthu, aliyense akutama kukwera kwake, bambo akuseka mano onse panja. Ndinati ndiwalembera. Januwale anatha ndisanalembe.

Mapepala anga anali bwinobwino. Pa maliro sindinabwere chifukwa ndinangomva mawu oti mtsinje, ndinadziwa. Ndinkadzinamiza kuti mwina madzi anali ambiri, oti galimoto iliyonse ikanatengedwa. Kalata yako ya mu Ogasiti ndiyo inatseka pothawira. Ngakhale pamenepo ndinaganiza kuti ndikatumiza paipi yabwino nkhani ithera pomwepo, popanda ine kutchula dzina langa.

Amayi uwauze kapena usawauze, uone wekha. Koma alamu asalowe m'madzi.

Bonifasio.

Kaphesi,
12 Januwale 1997

Achimwene,

Tili moyo tonse. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ndikudziwa kuti mwezi wathunthu mwakhala mukuwadikira.

Kalata yanu inachedwa m'mapositi a Khirisimasi. Inafika Lachisanu pa 3 Januwale. Mvula inali itagwa masiku atatu osakata, m'mawa umenewo n'kusiya, chifunga chili mbuu. A Misheck ndiwo anabwera nayo kuchokera ku Bembeke, buluku litanyowa mpaka m'ntchafu. A Petulo anali atanyamuka kale. Ndinawerenga mizere inayi yokha nditaimirira pakhomo. Mwayi wake a Petulo amaima m'midzi iwiri kukweza matumba ndi anthu, ndiye ndinadulira njira ya m'madimba. Nsapato ndinazisiya m'matope, sindidziwa pati.

Ndinawapeza akutsetsereka kulowera ku doko. Ndinakuwa, koma ndi kulira kwa injini sanamve. Ndiye ndinalowa m'madzi n'kuima patsogolo pawo, pomwe paja bambo anaima. Madzi anali ozizira, akundikoka chitenje. A Petulo analiza hutala, anatulutsa mutu pa windo n'kufunsa ngati ndapenga. Ndinawauza kuti azimitse. Anakana, akuti madzi awa ndi ochepa, anthu akuchedwa ku msika. Munali anthu khumi ndi mmodzi.

Achimwene, ndinalibe njira ina. Ndinatambasula kalata yanu n'kuiwerenga mokweza, yonse, kuyambira pa makiyi mpaka pa dzina lanu. Zina ndinkazimva koyamba pamodzi ndi anthuwo. Nditafika pa katoni imene munataya pa boda ndinabwereza mzerewo kawiri. Injini anaizimitsa ndili pakati powerenga, sindinazindikire nthawi yake. Nditamaliza kunkangomveka mtsinje.

A Petulo anatsika osandiyang'ana. Anathyola bango, anagwada, n'kuyeza kuchokera pansi mpaka pa chisefa. Analowa nalo m'madzi mpaka pakati, n'kuliimika. Bango lonse linamira, dzanja lawo lomwe.

Anthu anatsitsa matumba awo. Ena anawoloka wapansi atasenza, ena anabwerera. Mmodzi wa okwerawo anali m'gulu lija linapita ku Dedza. Anachoka osatenga ndi kabichi wake yemwe. Pofika madzulo nkhani inali itafika midzi yonse ya kumtunda. Munandilembera ine ndekha, ndikudziwa, koma tsopano palibe wosadziwa.

Galimoto anabwerera nayo kunyumba, anamasula chofiiracho, ndipo chiyambire sinalirenso. A Petulo akudya ngati mbalame. Dzana anandiuza ndisanawafunse kuti ku Dedza kuja iwo ndiwo anagwira dzanja la a Zakaria pa chitseko cha galimoto, wina n'kuchimenyetsa. Ndakhala ndi munthu ameneyu zaka ziwiri osadziwa.

Amayi ndinawauza tsiku lomwelo. Ndinkaopa kuti akomoka. Sanalire, sanafunse funso. Anangoti madzi akaphwa ndiwaperekeze ku Dedza. Kukhala chete kwawoko kukundiopsa kuposa kulira.

Za ine musandifunse panopa. Ndikapita ku dimba ndimadutsa pa doko paja, ndipo sindikudziwa kuti mkwiyo wanga ndiuike pa yani. Masiku ena ndimakumverani chisoni. Masiku ena ndimakumbukira kuti kuyambira Ogasiti munkadziwa, ndipo mwamuna wanga wawoloka pamenepo maulendo oposa khumi.

Jesinta.

Kaphesi,
2 Febuluwale 1997

Mwana wanga Bonifasio,

Ndine mayi ako. Akundilembera ndi mlongo wako, ndipo ndamuuza kuti alembe monga ndikunenera, ngakhale dzanja likane. Uli bwanji kumeneko? Ukudya? Ine mawondo ndi omwe aja.

Kalata yako anandiwerengera. Iwe ukuti unabisa. Tinabisa awiri.

Kutatsala masiku atatu kuti afe, bambo ako anabwera kuchokera ku Dedza atakwiya. Ndikuwapatsa madzi osamba anandiuza kuti a Zakaria akuti chinthu chako chija chidzamwa madzi, abwezeretse chakale mvula isanalimbe, ndipo ntchitoyo achita ulere. Bambo ako anakana. Akuti anawauza kuti ndi nsanje, poti mwana amene anamuphunzitsa wawaposa. Mawu awo kwa ine anali akuti, "Mwana wanga sangandimangire chinthu chondipha." Ine ndinawavomereza. Ndinati a Zakaria akalamba, za ku Joni sangazidziwe.

Atabwera anthu kudzandiuza kuti galimoto yazima pakati pa mtsinje, ndinakumbukira mawu aja ndisanayambe ndi kulira komwe. Ndipo tsiku limene mkamwini wanga ndi anzake ankanyamuka kupita ku Dedza, ndinali pa mphasa pakhomo. Ndinawaona akukwera njinga. Ndinkadziwa kumene akupita. Ndikanangokweza dzanja akanatsika. Koma akanandifunsa kuti nanga walakwa ndani, ndipo dzina lotuluka likanakhala lako. Ndinali nditataya mwamuna, ndinati mwana ndisatayenso. Ndinafunda nsalu kumutu.

Chofiiracho atachimanganso ndinadziwanso. Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse ndinkagwira kolona mpaka galimoto ibwere. Ndinkapempha Mulungu kuti agwire madzi, m'malo moti ine nditsegule pakamwa. Mlongo wako walekeza kulemba apa, watuluka panja. Wabweranso.

Lolemba tinapita ku Dedza atatu, ine, Jesinta ndi a Petulo, titanyamula paipi yako. Galaja ija kulibenso magalimoto. A Zakaria amamata machubu a njinga pakhonde, ndi dzanja lamanzere. Lamanja zala zitatu zinauma, sizipinda. Akazi awo a Farida atationa analowa m'nyumba, sanatulukenso.

Ndinagwada pa simenti n'kunena zonse, zako ndi zanga. Anamvetsera chubu chili pa mwendo. Nditamaliza ndinawafunsa kuti bwanji sananene tsiku lija. Anati, "Ndinanena, mayi. Ndinanena kawiri asanandigwire. Afunseni akamwini anuwo." A Petulo anagwada chogwetsa nkhope. Anavomera kuti anamva, koma tsiku lija ankaganiza kuti munthuyu akunamizira mwana wa malemu amene kulibe, ndiye anawonjezera ukali. Ndiye kuti pamene ankaseka paipi yako kuti ndi chumuni, nawonso mawu aja anali nawo m'mimba. Pakhomo limodzi anthu atatu, aliyense atasenza chake.

A Zakaria sanatitukwane, koma sananenenso kuti atikhululukira. Anatiuza kuti a Alufeo, bambo ako, anali mnzawo zaka makumi atatu, ndipo chimene chimawapweteka kuposa dzanja n'chakuti pa maliro awo anaopa kubwera. Kenako anapempha kuona paipi. Anaitembenuza, anaigogoda ndi chala, anayang'ana mipira yake m'kati. Anati yasankhidwa bwino, munthu wosankha ameneyu ntchito amaidziwa.

A Petulo anafunsa ngati angatimangire. A Zakaria anawaonetsa dzanja lija. Anati kuboola chitsulo kumafuna manja awiri, ndipo sangalole wina aliyense kuwagwirira sipanala koma mmodzi. Anati, "Amene anamanga choyamba abwere adzamange ichi, pakhomo panga pano, masana, ine ndikuyang'ana."

Tiyi sanatipatse, ndipo potuluka sanatiperekeze.

Mwana wanga, anthu kuno akukunena, sindikubisira. Ukadzatsika basi ena sadzakupatsa moni. Manda a bambo ako sunawaone. Kumtunda kuli amayi atatu oyembekezera, mvula ikugwabe, ndipo galimoto yaima. Ine ndinayankha m'malo mwako. Ndinawauza a Zakaria kuti ufika Pasaka isanakwane.

Ndinawanamiza kale kamodzi chifukwa cha iwe. Usandisandutse wabodza kachiwiri.

Mayi ako,
Anjelina.